Tichoke ku UK kuno, kapena tipirire mpaka tipeze mapepala okhazikika?

Wofunsa:

Abale anga m'gulu muno, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munakhalapo kunja kenako n'kuchokako, kapena amene munafika pomanga katundu koma n'kumasulanso.

Ndili ku UK pa viza ya osamalira okalamba. Ndinabwera mu 2022, chaka chimene boma la kuno linatsegula khomo kwa anthu akunja ogwira ntchito imeneyi. Amuna anga ndi ana awiri ananditsatira lamulo lisanasinthe, poti kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene pa viza imeneyi saloledwanso kubwera ndi banja. Pobwera tinkadziwa kuti munthu akakwanitsa zaka zisanu akugwira ntchito, kukhoma msonkho, osalakwira lamulo, amapempha chilolezo chokhala mpaka kalekale, chimene kuno amati ILR. Sukulu ya ana, ngongole, zonse tinazikonza poyang'ana zaka zisanuzo.

Ndiye mu Meyi 2025 boma la a Keir Starmer linalengeza kuti likufuna zaka zodikirazo zikhale 10. Mu Julayi chaka chomwecho linasiya kulola osamalira okalamba atsopano ochokera kunja. Posakhalitsa chipani cha Reform UK cha a Nigel Farage chinanena kuti chikadzalowa m'boma chidzathetseratu ILR. Ine ndale sindizitsata kwenikweni, koma izi zikunena za moyo wanga ndi wa ana anga, ndiye sindingatseke makutu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti viza yanga inamangidwa kwa abwana amodzi. Akandichotsa, kapena iwowo akalandidwa laisensi yolembera anthu akunja, ndimapatsidwa masiku 60 oti ndipeze ena, apo ayi tonse anayi tichoke. Ndiye akakuchepetsera maola umangoti zikomo. Akakuwonjezera mashifiti a usiku umangoti zikomo. Kupirira zotere ukuwerenga kuti zatsala pang'ono n'kotheka. Koma kuuzidwa kuti mwina uwonjezerenso zaka zina pamwamba, mtima ukukana.

Za ndalama ndiye musanene. Lendi imatenga pafupifupi malipiro anga onse. A amuna anga amathera ku magetsi, gasi wotenthetsera nyumba, msonkho wa khonsolo ndi mayendedwe. Pa mapepala athu analembapo kuti sitiloledwa kulandira thandizo la boma, choncho mwezi ukavuta wavuta. ILR yomweyo mu 2025 inali £3,029 munthu mmodzi, kutanthauza kuti ife anayi ndi £12,116, ndipo sitinasungeko ngakhale theka lake.

China ndi mantha. Mu Ogasiti 2024, ana atatu ataphedwa ku Southport kumapeto kwa Julayi ndipo bodza litafala pa intaneti lakuti wowapha anali wothawa kwawo wongofika kumene, anthu anaukira mahotela osungiramo obwera ku Rotherham ndi ku Tamworth. Ife sitinakhudzidwe, koma ana sindinkawatulutsa panja. Wamkuluyo anandifunsa ngati nafenso atithamangitsa.

Amuna anga akuti tichoke tisanathe mphamvu, kaya tibwerere kwathu kaya tiyese Canada. Ine ndikuona ana azolowera sukulu, komanso zaka zimene tavutika kalezi zikhala zangopita pachabe. Inu amene munachoka, chinakuchotsani kwenikweni n'chiyani? Munadziwa bwanji kuti awa si mavuto ongodutsa ayi, dziko lakukanani basi?

Bambo wina wachikulire, wokhala ku UK kuyambira kale:

Mwana wanga, pepa ndi zimene ukukumana nazo. Ndakhala kuno nthawi yaitali ndipo ndaona maboma akusinthana. Chimene chimanenedwa pa msonkhano wa chipani n'china, chimene boma lalengeza kuti likuganiza n'china, ndipo chimene chalowa m'malamulo a zolowa ndi kutuluka n'chinanso. Pa zitatuzi, chokhacho chomaliza n'chimene chingakuchotse m'nyumba. Usamange katundu chifukwa cha mutu wa nkhani. Pita kwa loya wovomerezeka wa nkhani za viza, akuuze lamulo limene likugwira ntchito lero pa munthu wobwera mu 2022. Osafunsa kwa uja amangolemba mafomu kuseri.

Koma sindikunamiza kuti ndale zilibe mphamvu. Voti ya Brexit, yoti UK ituluke mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, itachitika mu 2016, anzanga ambiri a ku Poland ndi ku Romania amene ndinkagwira nawo ntchito anayamba kuchoka, pomwe lamulo linali lisanawakhudze n'komwe, poti ufulu wawo woyenda unatha kumapeto kwa 2020. Paundi inali itagwa, kwawo ntchito zinali zitayamba kupezeka, ndipo anati sangakalambire pamalo pamene theka la anthu lavota kuti obwera achepe. Sindinawaone ngati olephera.

Kaya utsala kaya uchoka, sunga pepala lililonse: mapepala a malipiro, ma P60 (mapepala oonetsa malipiro ndi msonkho wa chaka chonse), makalata a lendi, a sukulu za ana. Nkhani ya Windrush, yokhudza amene anabwera kalekale kuchokera ku Caribbean, itaphulika mu 2018, anthu amene anakhala kuno zaka makumi movomerezeka anavutika chifukwa chosowa umboni wolembedwa.

Mayi wina wa ku Toronto:

Asisi, amuna anuwo auzeni afufuze bwino za kuno asanagule tikiti. Zimene mukuthawazo kunonso ziliko. Mu Okotobala 2024 boma la Canada linatsitsa chiwerengero cha olandira mapepala okhazikika mu 2025 kuchoka pa 500,000 kufika pa 395,000, ndipo chifukwa chachikulu chimene ankatchula ndi kusowa kwa nyumba. Lendi ya ku Toronto ndi ku Vancouver ikuthamangitsa ngakhale eni dziko. Ukafika ndi digiri ndi luso lako amakufunsa ngati unagwirapo ntchito kuno, ndiye umayambira pansi. Bungwe la Institute for Canadian Citizenship linapeza kuti mwa obwera asanu aliwonse, mmodzi amachokanso m'zaka 25 zoyambirira. Ochokawo ambiri ndi ophunzira bwino, amene ali ndi kwina kolowera.

Ubwino ulipo umodzi waukulu: ukalowa ndi mapepala okhazikika kuchokera pachiyambi, sumangidwa kwa bwana aliyense. Ngati mungapeze njira imeneyo, n'zomveka. Koma kusiya zaka zimene mwasonkhanitsa ku UK n'kubwera kuno pa chilolezo china chakanthawi, ine sindingakulimbikitseni.

Mnyamata wina:

Amayi piriranitu. Anthu ambirimbiri akulirira mwayi umene muli nawowo. Ndale zimasintha, mavoti akubwera.

Wofunsa:

Achimwene, ndikudziwa kuti ena akuulirira ndipo sindikuupeputsa. Koma mavotiwo ndi amene akundiopsa, poti amene akukwera m'mitima ya anthu ndi aja akulonjeza kuti atifinya kwambiri.

Bambo wina amene anachoka ku Johannesburg:

Achemwali, ine ndiyankhe funso lanu lachiwirilo, la kudziwa kuti nthawi yakwana.

Ndinali ku Joni mu Meyi 2008 pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera. Sindinachoke. Mu 2015 zinabukanso kuyambira ku Durban, mu 2019 zinabweranso, ndinakhalabe. Ndinkati bola ntchito ilipo, randi ikulowa. Chipolowe chimabwera n'kupita, umabisala sabata imodzi kenako moyo umapitirira. Chimene chinandichotsa chinali chachete kwambiri. A Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa obwera, atayamba kuyenda m'misika ndi m'makiliniki kufunsa anthu mapepala, ndinaona kuti mkazi wanga akudwalira m'nyumba chifukwa choopa kukaima pamzere wa kuchipatala. Ana anasiya kulankhula chilankhulo chathu mu taxi. Ineyo ndikaona galimoto ya apolisi mtima unkagunda, pomwe mapepala anga anali bwinobwino. Ndinazindikira kuti takhala tikudzichepetsa tsiku ndi tsiku mpaka tazolowera, ndipo anawo akukula akuona ngati umu ndi mmene munthu amakhalira.

Ndinaonanso zimene zinawachitikira anzathu a ku Zimbabwe. Anapatsidwa zilolezo zapadera zotchedwa ZEP zimene ankangoziwonjezera, mpaka mu 2021 boma linanena kuti ZEP ithe. Khoti la ku Pretoria linagamula mu Juni 2023 kuti chiganizocho sichinatsate malamulo, koma tangoganizani anthu oposa 170,000, ena akhala zaka zoposa 10, ana anabadwira konko, moyo wawo ukudikira chigamulo. Munthu wotere sagula nyumba, sayamba bizinesi yaikulu, sadziwa ngati mwana amalizira sukulu pomwepo. Umphawi umapiririka ngati ukudziwa tsiku lotulukamo. Chimene chimadya munthu ndi kusadziwa ngati chaka chamawa adzakhala alipo.

Ndiye musangowerengera ndalama zokha. Yang'anani ngati muli ndi tsiku lodziwika limene viza yanu idzamasuke kwa abwanawo. Ngati loya angakuuzeni tsikulo, piririni, ngakhale lendi ikuluma. Ngati tsikulo likungosunthidwa, yambani kukonza njira ina mudakali ndi mphamvu ndi kandalama m'manja. Kwa eni kulibe mkuwe, akulu ananena, koma sananene kuti ufere komweko.

Namwino wina wa ku Germany:

Kunonso nkhani ndi yomweyi, ngakhale kuti lamulo linafewa. Kuyambira mu Juni 2024 munthu atha kupempha unzika patatha zaka zisanu m'malo mwa zisanu ndi zitatu, osataya unzika wakwawo. Koma mu Febuluwale 2025 chipani cha AfD, chimene sichifuna obwera, chinakhala chachiwiri ndi mavoti oposa 20 peresenti. Chaka chomwecho bungwe lofufuza za ntchito la IAB linapeza kuti pafupifupi wobwera mmodzi mwa anayi anaganizapo zochoka, ndipo zifukwa zimene ambiri anatchula ndi ndale, misonkho yokwera ndi kuchuluka kwa zamaofesi. Amene anali atakonzadi ulendo anali ochepa kwambiri, pafupifupi atatu pa 100. Ndiye asisi, kuganiza zochoka si ndinu nokha, ndipo kuganizako si kunyamuka. Ine ndinaika malire: nditenge kaye pasipoti ya kuno, kenako ndidzasankhe ndili womasuka.

Mayi wina amene anabwerera kwawo:

Ine ndinachoka ku UK ndi ana, ndipo sindikudandaula, koma ndikuuzeni zimene anthu sanena.

Anthu amaona ngati wobwerera walephera, pomwe kubwerera n'kofala kuposa mmene timaganizira. A OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, analemba mu 2008 kuti, malinga ndi dziko, pakati pa 20 ndi 50 peresenti ya obwera amachoka zaka zisanu zisanathe. Kungoti ochokawo sajambulitsa zithunzi pa Facebook ngati mmene timachitira pofika.

Chinandichotsa ine ndi masamu. Mitengo ya zinthu ku UK inakwera ndi 11.1 peresenti mu Okotobala 2022, malipiro osakwera chimodzimodzi. Ndinakhala pansi n'kuona kuti ndikugwira ntchito usiku ndi usana, ana akuleredwa ndi TV, pamapeto pa chaka palibe chotsala. Mayi anga nawo anali akudwala, ndipo wodikira ILR saloledwa kukhala kunja masiku oposa 180 pa miyezi 12 iliyonse. Ndinasankha kukhala nawo.

Koma kwanu kumene munakusiya sikumene mukakupeze. Anzanu anapita patsogolo ndi moyo wawo, achibale akayembekeza kuti mwabwera ndi chuma, ndipo ndalama zosungidwa zimasungunuka msanga ngati palibe cholowa. Ana anga anavutika chaka choyamba, makamaka wamkulu. Musapite nonse nthawi imodzi. Mmodzi atsogole akaone ngati ntchito kapena bizinesi ingagwire, wina atsale akugwirabe. Poti viza yaikulu ndi yanu, wotsogola akhale amuna anu, koma mufunse kaye kuti kukhala kunja kwawoko kukhudza bwanji mapepala awo.

Za penshoni musaiwale. Ya boma la UK imafuna zaka zosachepera 10 za National Insurance, ndalama imene amadula pa malipiro, kuti mulandireko kalikonse, ndipo m'mayiko ambiri ikayamba kubwera siikwera chaka ndi chaka. Ya kuntchito simungaitenge pochoka, imadikira mufike zaka 55, ndipo kuyambira 2028 zikhala 57. Lembani manambala onse ndipo muwapatse adiresi yatsopano. Dziwaninso kuti ngakhale ILR imafa munthu akakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana. Chosafa ndi unzika wokha.

Wofunsa:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza, ndipo ndawawerengeranso amuna anga. Bambo a ku Johannesburg mwandifika pamtima pa nkhani ya tsiku lodziwika, chifukwa n'zoona kuti lendi yokha sikanatiganizitsa zochoka. Tagwirizana kuti za Canada tizisiye pokhapokha patapezeka njira ya mapepala okhazikika. Ndikusungitsa nthawi kwa loya mwezi uno, ndipo ndiyamba kufunsira kwa olemba ntchito ena amene ali ndi laisensi, kuti zikavuta masiku 60 aja asandipeze ndilibe poyambira.

Funso lina limene ndinaiwala: ndili woyembekezera. Mwanayu akabadwira kuno akhala nzika? Izi zingasinthe zambiri pa maganizo athu.

Bambo wachikulire uja:

Ayi mwana wanga, kubadwira ku UK pakokha sikupereka unzika, lamulo limenelo linasintha kuyambira mu 1983. Amakhala nzika pobadwa ngati kholo limodzi ndi nzika kapena lili ndi ILR pa tsikulo. Mukadzapeza ILR iye atabadwa kale, mutha kumulembetsa asanakwane zaka 18. Njira ina ndi yakuti akakhala kuno zaka 10 zake zoyambirira, ali ndi ufulu wolembetsa unzika ngakhale inu mapepala anu asanakhazikike. Limenelinso ukalifunse kwa loyayo, pamodzi ndi za tchuthi cha uchembere, kuti malipiro akatsika miyezi imeneyo abwana ako akalembe zoyenera pa mbiri ya viza yako.