Mbumba ya Agogo: za mankhwala a Dalitso

Lachiwiri madzulo

Mayi a Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Tabwerako ku Queens. Adokotala akuti Dalitso akupezako bwino pa matenda ake aja a bipolar, oti munthu nthawi zina amatakasuka mopyola muyeso, nthawi zina nkukhumudwa kwambiri, tulo wayamba kugona, koma akufuna amuyambitse mankhwala ena otchedwa lithium. Andifunsa funso limene ndasowa choyankha: kodi kumtundu kwanu alipo amene anadwalapo chonchi, nanga anathandizidwa ndi mankhwala ati? Tibwerereko Lachinayi la sabata yamawa ndi yankho, komanso zotsatira za magazi.

Malume: Zikomo achemwali. Ndiye inu munati chiyani?

Mayi a Dalitso: Ndinangoti ndikafunse eni mbumba.

Amayi Aakulu: Funso limenelo ndi lachiyaninso? Iwo angopereka mankhwala basi. Chinkhoswe cha Tadala chili pakhomo, tisayambe kufukula za kumtundu, mawa akuchimuna amve zoti kwathu kuli matenda a mutu.

Dalitso: Ndili pagulu pompano amayi aakulu, ndikuwerenga.

Amayi Aakulu: Pepa mwanawe, sindinatanthauze zoipa.

Chikondi: Amayi, ndangoweruka kumene, ndiloleni ndiyankhe ngati namwino osati ngati mwana wanu. Adokotala sakufuna miseche. Lithium ndi mankhwala akale, dokotala wa ku Australia John Cade ndiye analengeza mu 1949 kuti amathandiza pa matenda amenewa, ndipo mpaka lero ali m'gulu la odalirika kwambiri pa bipolar. Vuto lake ndi loti sayanja aliyense mofanana. Mwa anthu atatu amene amamwa, pafupifupi mmodzi amakhaliratu bwinobwino zaka ndi zaka. Ena amawathandiza pang'ono, ena ayi. Ndipo kuti udziwe kuti uli mbali iti pamatenga miyezi yambiri, nthawi zina kuposa chaka. Nchifukwa chake amafunsa za achibale, chifukwa kuyanjana ndi mankhwala amenewa kumaoneka kuti kumayenda m'mabanja.

Malume: Kumaoneka, kapena kumayendadi?

Chikondi: Mu 2002 Paul Grof ndi anzake ku Canada anaona achibale odwala bipolar a anthu amene lithium anawathandiza kwambiri. Mwa achibalewo, 67 pa 100 aliwonse anathandizidwanso, pamene mwa odwala ena owayerekezera anali 35 pa 100. Anthu ake anali ochepa malume, sitingalumbirirepo, koma kusiyana kwakeko ndi kwakukulu moti madokotala amakuganizira.

Limbani: Moni nonse kuchokera ku Leeds. Bwanji tingomuyezetsa DNA? Kuno aliko makampani, umatumiza malovu, iwo nkukuuza mankhwala okuyanja. Ndalama yake ndilipira ine, tisavutane ndi mbiri za agogo.

Yamikani: Bwana alankhula 😄

Chikondi: Achimwene ndalamayo isungeni, ili ndi ntchito ndikuuzani. Zoyeza zimenezo zambiri zimaona mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala. Lithium sadzera m'chiwindi, amatuluka ndi impso mmene analowera. Ndiye pepala lawolo silingatiuze kanthu pa nkhani iyi.

Limbani: Koma ndinawerengapo kuti anapeza gene yake.

Chikondi: Mwina munawerenga za ku Taiwan. Mu 2014 ofufuza a kumeneko analengeza kuti gene, kachigawo ka DNA kotengera kwa makolo, yotchedwa GADL1 imalosera bwino kwambiri amene lithium angamuyanje. Anthu anasangalala, koma ena atayesa m'maiko ena sanapeze zomwezo. Kenako mu 2016 gulu la ofufuza a maiko ambiri lotchedwa ConLiGen linayeza odwala 2,563, nkupeza malo ena pa chigawo cha DNA chotchedwa chromosome 21 amene akukhudzana ndi nkhaniyi. Mu 2018 gulu lomwelo linapezanso kuti amene anatengera tizigawo tambiri ta DNA tokhudzana ndi matenda ena a maganizo otchedwa schizophrenia, lithium sawathandiza kwenikweni. Zonsezi ndi zoona pa chigulu cha anthu, koma mphamvu yake ndi yochepa moti sungatenge munthu mmodzi nkumuuza kuti iwe imwa, iwe usamwe. Si gene imodzi, ndi tambirimbiri, kalikonse kakukankha pang'ono. Chinanso chimene chimandinyansa ine, pafupifupi onse amene anayezedwawo makolo awo ndi a ku Ulaya ndi ku Asia. Magazi a munthu wa ku Ndirande sanalowemo m'masamu amenewo.

Limbani: Chabwino, ndagonja.

Chikondi: Ndiye chimene adokotala angagwiritse ntchito Lachinayi ndi chimene tikudziwa ife tomwe. Ngati alipo, tinene.

Malume: Ndikuona ena awerenga koma ali chete. Sindikakamiza munthu. Tigonere, tikambe mawa.

Lachitatu m'mawa

Anti a ku Joni: Mwadzuka bwanji. Usiku sindinagone nayo nkhaniyi. Achimwene ndi achemwali aakulu akudziwa, ana inu simudziwa. Chaka chimene ndinasowa kuno osaimba foni, mu 2011, sindinali pa ntchito ya ku famu monga munauzidwira. Ndinagonekedwa m'chipatala kuno ku Johannesburg. Matenda ake ndi omwewa a Dalitso. Ndinkatha masiku osagona, kulankhula osapuma, kugula katundu wa ngongole woti ndikatsegule mashopu atatu nthawi imodzi. Zitatha zimenezo ndinagwa, osafuna ngakhale kusamba. Anandiyesa mankhwala ena osathandiza, kenako lithium. Chiyambireni sindinagonekedwenso. Ndimamwa usiku uliwonse mpaka lero.

Mayi a Dalitso: Mng'ono wanga, zaka zonsezi osandiuza? Ine kumalira ndekha kuno kumati mwana wanga anamulodza.

Anti a ku Joni: Manyazi achemwali. Komanso anandiletsa.

Amayi Aakulu: Ndinakuletsa ndine, ndipo nthawi imeneyo unali usanakwatiwe. Ndinkakuteteza.

Malume: Zakale tizikamba pamaso, osati pano. Koma poti chatuluka, ndiwonjezere. Malemu bambo athu analinso ndi nyengo zawo. Chaka china anagulitsa mbuzi zonse sabata imodzi nkumayenda usiku kulalikira pa msika, kenako miyezi ingapo osatuluka m'nyumba. Zikatha ankabwerera kumunda ngati palibe chinachitika. Kuchipatala sanapiteko, ndiye dzina la matenda sitingawapatse.

Dalitso: Anti zikomo. Ndimaona ngati ndine ndekha wosokonekera pa mtundu wonse.

Anti a ku Joni: Suli wekha mwanangu. Madzulo ndikuimbira.

Chikondi: Anti mwatithandiza kwambiri. Koma ndisakunamizeni abale, izi sizikutanthauza kuti Dalitso ayanjana nawo basi. Anti ndi Dalitso amagawana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ma gene, mbali ya bambo ake ilinso ndi zake. Mwayi wakwera, ndizo zokha. Zimene anena malume za agogo zikanenedwenso, chifukwa matenda obwera nkupita, munthu nkukhala bwinobwino pakati pake, ndi mtundu umene lithium amakonda kuugwira. Anti tumizani kwa ine ndekha mlingo umene mumamwa, chaka chimene munayamba, mankhwala amene analephera, ndi zovuta zimene mwakumana nazo. Ndilemba pepala limodzi loti apite nalo.

Anti a ku Joni: Ndituma. Ulembenso zoti chithokomiro changa chinafooka patapita zaka, ndimamwa kam'bulu kena m'mawa. Ludzu ndiye losatha, manja amanjenjemera pang'ono ndikatopa.

Amayi Aakulu: Nanga ana a Tadala adzakhala nazo? Ndifunse poyera poti zonse zili poyera.

Chikondi: Ngakhale mwana wobadwa kwa munthu wodwalayo, mwa khumi asanu ndi anayi kapena kuposa sadwala. Tadala ali patali kuposa pamenepo. Chinkhoswe chipitirire amayi, ndipo pepalali likupita kwa adokotala, osati kwa ankhoswe.

Yamikani: Tsopano za ndalama, poti ine ndi amene ndizithamanga.

Chikondi: Eya. Asanayambe ayezedwe impso ndi chithokomiro. Akayamba, pakatha pafupifupi sabata ayezedwe kuchuluka kwa lithium m'magazi, nkumabwereza mpaka mlingo utakhazikika, kenako miyezi itatu iliyonse. Impso ndi chithokomiro miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Magazi amatengedwa patatha maola 12 chimwereni, ndiye akamwa 8 koloko usiku, 8 koloko m'mawa akhale ali pa mzere. Nambala imene amafuna nthawi zambiri ndi pakati pa 0.6 ndi 1.0. Ikadutsa 1.5 mankhwala asanduka poizoni. Mpata wake ndi wochepa choncho, ndiye tisayambe ngati sitikwanitsa kuyezetsa. Ndipo asamasowe ngakhale sabata imodzi, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa matenda mwamphamvu. Achimwene Yamikani mufunse adokotala komwe amayeza lithium, mufunsenso m'ma lab ndi m'mafamase a ku Limbe ndi m'tauni mitengo yake komanso ngati amakhala nawo nthawi zonse.

Yamikani: Mawa ndizungulira.

Limbani: Ya DNA ija ndiitumiza kwa Yamikani, ikhale ya magazi miyezi yoyambirira.

Malume: Ena tonse ogwira ntchito K15,000 pa mwezi, pa Airtel Money kapena Mpamba, isanakwane pa 5. Wosunga ndi Yamikani, ndipo aziika pano zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Mitengo ikabwera tidzaonanso.

Mayi a Dalitso: A kutchalitchi akonza zokapemphera kuphiri la Soche masiku atatu osadya osamwa, amafuna apite naye.

Chikondi: Kupemphera apite amayi aang'ono, koma kusala madzi ayi, makamaka kutentha kwa Okutobala kuno. Thupi likauma lithium amachuluka m'magazi. Chimodzimodzi akatsekula m'mimba kapena kusanza, aimike kaye lithium nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kudzandira, kulankhula ngati woledzera, manja kunjenjemera kwambiri, musadikire kuti kuche. Mchere adye monga amadyera masiku onse, osachepetsa mwadzidzidzi. Ndipo mukachotse Brufen ndi diclofenac yense m'nyumbamo, amakweza lithium. Mutu ukamupweteka, Panado. Aja a BP anu a HCT musunge patali, asasokonezeke ndi ake.

Dalitso: Mpira ndisiye?

Chikondi: Sewera, koma botolo la madzi m'manja. Mowa wokha ndiwo usiye.

Dalitso: Lachinayi ndikufuna ndikalankhule ndekha ndi adokotala, pepalalo ndikapereke ine. Amayi akadikire panja, akalowe ndikawaitana.

Mayi a Dalitso: Iii, koma mwana uyu.

Malume: Wanena bwino, ndi wamkulu. Yamikani ukawatenge ku Ndirande 6 koloko, ya minibasi ndikupatsa ine. Magazi a impso akatengedwe Lolemba kuti zotsatira zikapezeke. Ndani amuperekeza Lolembalo?

Chikondi: Ndili ndi ya usiku Lamlungu, ndikaweruka ndikumana naye pa geti.

Amayi Aakulu: Yanga ndapatsira Tadala atumize madzulo. Nkhaniyi isatuluke pagulu pano chonde.