Tingapeze kuti nkhani zodalirika za sayansi zoti tiulutse m'Chichewa?

Wapawailesi_Mchinji

Moni nonse akuluakulu. Tikukonza pulogalamu ya mphindi 30 sabata iliyonse yofotokozera alimi a kuno ku Mchinji zomwe ofufuza apeza pa ulimi ndi zaumoyo. Tikufuna kuyamba ndi nkhani ya chuku mu mtedza, kuti imveke anthu asanayambe kukumba. Zomwe zimayenda pa WhatsApp n'zambiri, koma mwini wake sadziwika. Kodi ndi masamba ati a pa intaneti omwe munthu angawadalire, osalipira ndalama? Nanga alipo magulu a anthu ogwira ntchito ngati yathuyi omwe tingalowemo kuti tiziphunzirako? Bandulo ndi yodula, choncho mutiuze zomwe zili zoyenereradi.

Mkonzi_waku_Santhe

Achimwene, yambani ndi zomwe zinakonzedwera wailesi kale, musathamangire mapepala a ofufuza. Farm Radio International, bungwe la ku Canada, lili ndi nkhokwe ya zolemba za mapulogalamu a ulimi zaulere, ndipo amalola kuti muzimasulire ndi kuzisintha kuti zigwirizane ndi dera lanu. Ali ndi Barza Wire yomwe imatulutsa nkhani za alimi a mu Africa, ndipo wailesi ikhoza kulembetsa kuti izilandira zinthuzi pa imelo. Kuno kwathu kulinso Farm Radio Trust ku Lilongwe. Chenjezo n'lakuti zolemba zambiri zinachokera kumaiko ena. Dzina la mbewu, mwezi wokolola ndi dzina la mankhwala zikhoza kukhala za ku Ghana kapena ku Tanzania. Mukangowerenga mmene zilili, mlimi wa ku Kapiri adzamva mwezi wolakwika. Tengani mafupa a pulogalamuyo, nyama muike yakuno: mitundu ya mtedza monga CG7, Chalimbana ndi Nsinjiro, komanso nyengo yathu.

Kachiwiri ndi Access Agriculture. Ali ndi makanema ophunzitsa alimi m'zilankhulo zambiri, Chichewa chili momwemo. Mumalembetsa kwaulere, kenako mumasankha chilankhulo. Pali mwayi wotsitsa kanema wamng'ono woonera pa foni, kapena mawu okhaokha, omwe ndi amene mukuwafuna pa wailesi ndipo sadya bandulo kwambiri. SAWBO nawonso amapanga makanema a zidole ofotokoza za ulimi ndi zaumoyo.

Pa nkhani zatsopano werengani SciDev.Net, gawo la Sub-Saharan Africa, ndi The Conversation Africa yomwe inayamba mu 2015, momwe ofufuza amalemba okha m'chilankhulo chosavuta. Onsewa amalola kuti nkhani zawo zisindikizidwenso kwaulere.

Mayi_Nkhokwe

Ndiwonjezere pa mfundo yomalizayo bambo, chifukwa pamenepa ambiri amapunthwa. Zilolezo za masamba awiriwa n'zosiyana. SciDev.Net imalola kugwiritsanso ntchito nkhani bola mutchule mlembi ndi komwe yachokera. The Conversation chilolezo chake ndi chija cha CC BY-ND, kutanthauza kuti simusintha nkhaniyo popanda kupempha, ndipo kumasulira m'Chichewa kuli m'gulu la kusintha. Njira yachidule ndi iyi: mfundo za sayansi zilibe mwini, mukhoza kuzifotokoza m'mawu anuanu n'kunena kuti wanena ndi wofufuza wakuti wa ku yunivesite yakuti. Koma ngati mukufuna kumasulira nkhani yonse ndime ndi ndime, alembereni kaye. Zithunzi nazo kawirikawiri zimakhala ndi eni ake ena.

Tsono za kupeza kafukufuku weniweni. Pa Google Scholar lembani groundnut aflatoxin Malawi (aflatoxin ndi poizoni wa chuku), kenako mubwerezenso poika peanut m'malo mwa groundnut, chifukwa a ku America amalemba choncho ndipo mukasiya mawuwa mutaya mapepala ambiri. Kumanzere sankhani zaka zaposachedwa. Pepala likafuna ndalama musalipire. Dinani pomwe palembedwa All versions, nthawi zambiri limodzi mwa iwo limakhala laulere. Pa kompyuta ikani Unpaywall, imakuonetsani ngati pepalalo lilipo laulere movomerezeka. Zikakanika, patsamba loyamba pamakhala imelo ya mlembi woyankha makalata. Mlembereni mizere itatu: ndinu ndani, pulogalamu ikuuluka liti, mukupempha pepala ndi mphindi 10 za pa foni.

African Journals Online, yomwe ambiri amangoti AJOL, imasunga magazini a kafukufuku a mu Africa, ndipo Malawi Medical Journal imapezeka momwemo kwaulere. Za umoyo fufuzaninso pa PubMed. Palinso Research4Life, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku yomwe ili ndi AGORA ya zaulimi ndi Hinari ya zaumoyo. Malawi ali m'gulu la maiko olowa kwaulere, koma amalembetsa ndi mabungwe monga makoleji, zipatala zophunzitsira ndi malo ochitira kafukufuku, osati munthu payekha. Funsani woyang'anira laibulale pamalo otere.

Si pepala lililonse looneka mwaulemu lomwe lili loona. Alipo magazini omwe amasindikiza chilichonse bola mlembi walipira. Onani ngati magaziniyo ili pa DOAJ, mndandanda wa magazini aulere ovomerezeka, ndipo lembani mutu wa pepalalo mu nkhokwe ya Retraction Watch kuti mudziwe ngati silinachotsedwe. Mukamawerenga, musalekere pa chidule chapamwamba. Pitani pomwe afotokoza mmene anachitira: anatenga zitsanzo zingati, m'maboma ati, chaka chiti, mtedza wa m'munda, wa m'nyumba kapena wa pamsika. Zopezeka pamsika wa ku Blantyre musazinene ngati za ku Mkanda.

Mlangizi_Kamwendo

Zonsezo n'zoona, koma ntchito yaikulu ili pa kusandutsa Chingerezi kukhala Chichewa chosapotoza. Pa nkhani yanuyi pali msampha woyamba pa dzina lenilenilo. Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza kapena chimanga. Aflatoxin ndi poizoni amene nkhungu ya mtundu wa Aspergillus imatulutsa. Chuku chimaoneka nthawi zina, poizoniyo saoneka, sanunkha, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Mukangoti chuku basi, womvera adzaganiza kuti mtedza wooneka bwino ulibe vuto, kapena kuti wachuku akaukazinga watha. Muzinena kuti poizoni wa chuku, ndipo mawu amenewa musawasinthesinthe pulogalamu yonse.

Msampha wachiwiri ndi manambala. Mapepala amalemba ppb. Ppb imodzi ndi galamu imodzi mu matani 1,000, omwe ndi matumba 20,000 a makilogalamu 50. Msika wa ku Ulaya umakana mtedza wodya anthu ukapitirira 4 ppb. Muuzeni mlimi choncho, kuti poizoni wongopitirira magalamu anayi m'matumba 20,000 ndi wokwanira kubweza katundu, ndipo adzamvetsa chifukwa chomwe njere zochepa zowola zimaonongera thumba lonse.

Wachitatu ndi kuopseza. Kudya poizoniyu kwa nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Sizikutanthauza kuti aliyense wodya nsinjiro adwala. Mukakokomeza, amayi adzasiya kuika nsinjiro m'phala la ana, ndiye mwabweretsa kunyentchera m'malo mwa chitetezo. Gawo lalikulu la mphindi zanu lipite pa zochita: kukumba pa nthawi yake mtedza ukakhwima, kusamala kuti khasu lisaswe makoko, kuumitsa makoko asakhudze dothi monga amachitira pa mulu uja wotchedwa Mandela cock, kusawaza madzi pofuna kufewetsa makoko potongola, kusunga m'makoko pamalo ouma matumba ali pa mitengo osati pansi, ndi kusankha njere zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu. Mfundo yomwe imaiwalika ndi yakuti zosankhidwazo ndi zimene zimatsala pakhomo n'kusinjidwa, wabwino atapita kwa mavenda. Zimenezo siziyenera kudyedwa.

Akatswiri ali pafupi kuposa intaneti. Chitedze Research Station ili pa msewu womwewu wa Mchinji kupita ku Lilongwe, ndipo bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT lagwira ntchito ya mtedza pamenepo kwa zaka zambiri. Kuli LUANAR ku Bunda, kuli Malawi Bureau of Standards pa za miyezo. Mchinji ili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Kasungu ADD limodzi ndi Dowa, Ntchisi ndi Kasungu. Ogwira ntchito m'boma ambiri salankhula pa wailesi popanda chilolezo cha akuluakulu awo, choncho lembani kalata masabata awiri pasadakhale, mafunso ali momwemo. Pojambula, katswiri akasakaniza Chingerezi, mpempheni abwereze ngati akufotokozera agogo ake. Mukamaliza kukonza, mwerengereni pa foni ziganizo zomwe muli manambala, avomereze musanaulutse.

Mkonzi_waku_Santhe

Zikomo mayi pokonza za chilolezo, ndinadumpha mfundo yofunika. Pa funso la magulu lija: World Federation of Science Journalists, yomwe likulu lake lili ku Montreal, ili ndi maphunziro a utolankhani wa sayansi pa intaneti. SciDev.Net ili ndi maphunziro otchedwa Script, okonzedwera atolankhani ndi ofufuza. MESHA ya ku Nairobi imasonkhanitsa atolankhani a zachilengedwe, sayansi, zaumoyo ndi ulimi. The Open Notebook imathandiza pa luso lolemba ndi kufunsa mafunso, ndipo Africa Check imaonetsa mmene amatsimikizira zonena za anthu. Kuno kwathu yambani ndi MISA Malawi komanso Association of Environmental Journalists, chifukwa uthenga wa maphunziro ndi mipikisano umadutsa kumeneko.

Kunena mosabisa, magulu akunjawa amakuphunzitsani luso, koma onse amayendera Chingerezi. Palibe amene adzakuuzeni kuti ntchemberezandonda ndi dzina lomwe alimi akulidziwa, kapena mawu abwino onenera chiopsezo. Pangani kagulu kanu ka WhatsApp ka anthu osapitirira khumi: mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, alimi otsogola awiri, ndi anzanu a mawailesi oyandikana nawo a ku Kasungu. Lamulo likhale limodzi, kuti chilichonse choponyedwamo chibwere ndi komwe chachokera. Tsegulani kope la mawu: la Chingerezi, la Chichewa lomwe mwagwirizana, ndi chiganizo chachitsanzo. Liwu lililonse latsopano muliyese pa alimi asanu musanaliulutse, muwafunse kuti amva chiyani, osati ngati amva.

Wapawailesi_Mchinji

Zikomo kwambiri nonse. Kalata ya ku Chitedze tilemba sabata ino, kope la mawu tiyamba ndi poizoni wa chuku. A Mlangizi, funso limodzi lomwe omvera adzaimba nalo ndithu: zosankhidwazo angapatse nkhuku kapena ng'ombe?

Mlangizi_Kamwendo

Ayi achimwene, asapatse. Nkhuku zimadwala nazo, zimachepetsa kuikira ndi kukula, ndipo ng'ombe yamkaka ikadya, gawo la poizoniyo limatulukira mumkaka womwe ana amamwa. Zowola ndi zachuku azikwirire pansi kapena aziwotche. Yankho limeneli mulijambuliretu ndi wa zaziweto, chifukwa adzafunsanso za madeya a chimanga chowola, ndipo vuto lake ndi lomwelo.