Ndithandizeni: sisitimu yatsopano ikukana pulinta yanga

Abale ndi alongo odziwa za makompyuta, ndikupempha thandizo lanu. Ndili ndi kashopu kotayipira ndi kusindikiza makalata pa Mangochi Boma, ndipo chiikireni sisitimu (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) yatsopano ya mtundu wa 64-bit m'kompyuta yanga, pulinta imene yanditumikira zaka zambiri yasiya kugwira ntchito, chifukwa madiraiva ake (mapulogalamu olumikizitsa pulinta ndi kompyuta) ndi a sisitimu ya mtundu wa 32-bit okha. Chondipweteka kwambiri n'chakuti kompyutayo imangozima yokha ndi kuyambiranso pakati pa ntchito, nthawi zina kasitomala ataima pomwepo kudikira kalata yake yofunsira ntchito. RAM yake (malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwirapo ntchito) ndi 4GB basi.

Kodi vuto lagona pa kuchepa kwa RAM, kapena ndibwerere ku sisitimu yakale ngakhale kuti inasiya kulandira zoiteteza ku mavairasi? Ngati pali njira yoti pulintayi igwirenso ntchito, chonde ndilangizeni, pakuti ndalama zogulira ina ndilibe.