Ndapeza ntchito ya uphunzitsi ku Thailand, ndi zinthu ziti zimene munthu sauzidwa asanapite?

Membala wosatchula dzina
Moni nonse pa gulu. Ndine mayi, mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo sukulu ina ya ku Khon Kaen, m'chigawo cha Isan kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, yandilemba ntchito yoyamba mu May. Kontirakiti ndasayina, viza ya Non-B, ya obwera kudzagwira ntchito, ndikuyiyendera. Inu amene mumalidziwa dzikoli, ndi zinthu ziti zimene mlendo amadzazidziwa atalakwitsa kale? Za mapepala, za pantchito, za kukhala ndi eni dziko. Zikomo.

Aphunzitsi a ku Isan
Achemwali, zabwino zonse. Yambani ndi mapepala, ndi pamene ndalama zimathera mosayembekezera.

Non-B imakupatsani masiku 90 okha mukalowa. Mkati mwa masiku amenewo sukulu ikutengereni kalata ya ku Khurusapha, bungwe loyang'anira aphunzitsi, kenako work permit (pemiti yogwirira ntchito), kenako mupite ku Immigration akakuwonjezereni nthawi mpaka chaka pa 1,900 baht, ndalama ya kumeneko. Zitatuzi zimayenda motsatana, chimodzi chikachedwa zonse zaima. Digiri yeniyeni, thiransikiripiti ndi kalata ya kupolisi muzinyamule m'chikwama cha m'manja. Kugwira ntchito popanda pemiti chindapusa chake ndi 5,000 mpaka 50,000 baht, ndi kubwezedwa kwanu.

Mwini nyumba amayenera kudziwitsa a Immigration pasanathe maola 24 kuti m'nyumba mwake mwalowa mlendo. Fomu yake ndi TM30. Udindo ndi wake koma wovutika ndinu, chifukwa popanda kalisiti kake maofesi ambiri salandira pempho lanu lowonjezera nthawi. Malandilodi ena a m'zigawo sanasungepo munthu wakunja ndipo fomuyi sayidziwa. Afunseni musanalipire dipoziti.

Akakudindirani chaka musaganize kuti mwathana nawo. Masiku 90 aliwonse mumakanena kumene mukukhala pa fomu ya TM47. Ndi zaulere, ndipo mutha kupita kutatsala masiku 15 kapena patadutsa masiku osaposa 7. Kupitirira apo ndi 2,000 baht.

Chopweteka kwambiri ndi ichi: mukatuluka m'dziko popanda re-entry permit, chilolezo chotuluka n'kubwereranso pa viza yomweyo, chaka chija chimafera pachipata pomwepo, n'kuyambiranso zonse. Ya ulendo umodzi ndi 1,000 baht, ya maulendo angapo 3,800. Uthenga wa maliro kwathu supangana ndi munthu tsiku, ndiye ine ndimati gulani ya maulendo angapo tsiku lomwe akudindirani. Ngakhale kungowoloka mlatho wa ku Nong Khai kupita ku Vientiane m'dziko la Laos n'kubwerako madzulo kumapha viza chimodzimodzi.

Chaka chawo chimatsogola ndi 543, moti 2026 pa kontirakiti ndi pa malisiti idzalembedwa 2569.

Bambo a Awiri
Musakwiye nane mayi, koma tsimikizani kuti sukuluyo ilipodi. Anthu a ku Kenya, Ethiopia ndi Uganda akhala akuitanidwa ku Thailand pa ntchito zabodza, n'kutengedwa pa galimoto kuchokera ku Bangkok mpaka ku Mae Sot, n'kuwolotsedwa mtsinje wa Moei kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene amawatsekera kuti azibera anthu pa intaneti. Akamati bwerani pa viza ya alendo tidzakonza mukafika, kapena akamafuna kukusungirani pasipoti, musapite. Nambala ya sukuluyo muyipeze panokha muyimbe. Sungani 1155, apolisi othandiza alendo amene amalankhula Chingerezi, ndi 1669 ya ambulansi.

Membala wosatchula dzina
Zikomo bambo, chenjezo lanu ndi labwino. Makalata a viza anachokera ku sukulu komweko ndipo ndalankhula ndi ahedi pa vidiyo. Nkhawa yanga ili pa anthu. Akuti amamwetulira nthawi zonse, ndiye munthu umadziwa bwanji kuti walakwa?

Nachisale ku Chiang Mai
Pamenepo mpamene alendo ambiri amagwera, achemwali. Ali ndi mawu akuti kreng jai, kuopa kuvutitsa kapena kukhumudwitsa mnzako. Ifenso ulemu wotere tili nawo, koma iwo amafika nawo patali. "Ayi" simudzamumva kawirikawiri. Mudzamva "mwina", "tiona", kapena kumwetulira kopanda yankho, ndipo nthawi zambiri zonsezo ndi kukana. Mwana wasukulu akati "kha" kapena "khrap" akungovomera kuti mwalankhula, sizikutanthauza kuti wamvetsa. Musafunse kalasi kuti mwamva, onse agwedeza mitu. Apatseni kantchito kochita pomwepo muone nokha.

Mukalakwitsa, ahedi sakuitanani ku ofesi. Uthenga umadzera mwa mphunzitsi mnzanu pa nkhomaliro, mwina angonena mocheza kuti aphunzitsi kuno amakonda masiketi aatali. Umenewo wachokera kumwamba, musinthe mawa lomwe. Mukaunyalanyaza palibe adzakukalipireni, mudzangoona kontirakiti yosawonjezeredwa mu March chaka cha sukulu chikamatha.

Njira yake ndi kupeza mphunzitsi mmodzi wamkulupo kwa inu. Muzimutchula phi, ngati kunena achemwali kapena achimwene, iye azikutchulani nong. N'chifukwa chake amafunsa zaka zanu tsiku loyamba lomwe, akufuna adziwe pokuikani. Munthu ameneyu muzimufunsa muli awiri, ndipo funso likhale lakuti "ndikanachita bwanji kuti zikhale bwino", osati "ndalakwa kodi". Loyambalo atha kuyankha popanda kukuchititsani manyazi.

Kukweza mawu ndi kudzitaya. Amati sia na, kutaya nkhope, ndipo wokalipa ndi wokalipiridwa onse amataya. Ngakhale chilungamo chili kwa inu, mukakalipira kalaliki pamaso pa anzake pepala lanu liziyenda pang'onopang'ono kuyambira tsiku limenelo. Onjezani apa zimene anena Aphunzitsi a ku Isan: madeti a viza muziwasunga nokha pa foni, chifukwa wa ku ofesi akaiwala, manyazi amamuletsa kubwera kudzakuuzani nthawi ikadalipo.

Moni wawo ndi wai, kuphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Amayamba ndi wamng'ono. Inu muziyamba kwa ahedi ndi akuluakulu, koma ana asukulu ayambe okha. Mutu wa munthu musaugwire, phazi musalozere nalo chinthu kapena kukankhira chitseko, munthu amene wakhala pansi musamulumphe. Monga mayi, musakhudze mmonke wachibuda kapena kumupatsira chinthu m'manja. Ikani pansi kapena pansalu imene wayala.

Mnyamata wa pa Sukhumvit
Anachisale anena zoona, koma pali china chimene tisabise. Mawu akuti farang ndi a azungu. Ife amatitchula khon dam, munthu wakuda, ndipo m'zigawo ana amakuyang'anani, ena kufuna kugwira tsitsi kapena kujambulitsa nanu. Nthawi zambiri ndi chidwi chabe. Tsankho lenileni lili pa kalembedwe ka ntchito: sukulu zambiri zimalipira mzungu kuposa Mwafirika kapena Mfilipino pa ntchito yomweyo, ndipo wochokera ku dziko limene saliwerengera kuti ndi la eni Chingerezi amafunsidwa mayeso a Chingerezi otchedwa TOEIC, kawirikawiri mapointi 600. Funsani msanga ngati akuwafuna. Komanso anthu omwewo amene sanena "ayi" adzakuuzani pamaso kuti mwanenepa. Kwa iwo si chipongwe.

Mafuta odzola muziwerenga bwino, ambiri ali ndi mankhwala oyeretsa khungu, ndi a kukhwapa omwe. Zatsitsi bwerani nazo zokwanira.

Aphunzitsi a ku Isan
Ndinaiwala chachikulu. Za banja lachifumu musanenepo kanthu, pakamwa kapena pa Facebook, ngakhale kugawa zimene walemba wina. Gawo 112 la malamulo awo limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende pa mlandu umodzi, ndipo mlendo sasiyidwa. Ndalama ili ndi nkhope ya mfumu, ikagwa musayiponde poyiimitsa. Nyimbo ya fuko imalira 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo m'masiteshoni ndi m'mapaki, anthu amaima chilili, inunso imani. Ku sukulu Lolemba ambiri amavala zachikasu, ndiye malaya achikasu mukhale nawo. Akudanso amodzi, chifukwa maliro a kumeneko amavala zakuda kapena zoyera.

Mayi Nyumba
Za nyumba: dipoziti ndi ya miyezi iwiri kuphatikiza lendi ya mwezi umodzi. Funsani mtengo wa yuniti ya magetsi musanasayine. Wa boma uli cha m'ma 4 baht, koma nyumba zambiri zogawa zipinda zimalipiritsa 7 kapena 8, ndipo mu April kutentha kukafika madigiri 40 makina oziziritsa m'chipinda sazimitsidwa. Jambulani mita ndi makoma tsiku lolowa. Zipinda zambiri zilibe khitchini chifukwa mbale ya chakudya pamsewu ndi 40 mpaka 60 baht. Madzi a pampopi samwedwa, pali makina a m'mbali mwa msewu ogulitsa lita pa 1 baht. Mapepala a kuchimbudzi amatayidwa mu bini chifukwa mapaipi ndi aang'ono, amatsekeka. Magetsi ndi 220V, zipangizo zanu zigwira, koma mapulagi athu a mano atatu salowa, gulani adaputala.

Mvula imagwa May mpaka October, ndiye mukufikira m'dzinja. Udzudzu wa dengue umaluma masana, neti yokha siyokwanira. Ikani pulogalamu yotumizirana mauthenga ya LINE pa foni, mauthenga onse a sukulu amadzera pamenepo.

Membala wosatchula dzina
Ndalemba zonse. Funso lomaliza, nsima itheka? Ufa umapezeka?

Mayi Nyumba
Samalani pamenepo. Paketi yolembedwa corn flour, m'Chithai paeng khao phot, ndi sitachi yokhuthalitsira msuzi. Mukaithira m'madzi otentha imasanduka phala lonanda ngati guluu, nsima siituluka. Ufa weniweni umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ku Bangkok, cha ku Nana ndi ku Pratunam, koma ndi wodula ndipo ku Khon Kaen muyenera kuitanitsa. Semolina kapena polenta ya m'masitolo akuluakulu imagwirako.

Ku Isan chakudya chawo ndi khao niao, mpunga womata umene amadya ndi manja, kuumba kambamu n'kusunsa mu ndiwo monga timachitira. Pla nin ndi nsomba ya mtundu wa chambo, amaiwotcha atapaka mchere. Phak bung ndi m'bale wake wa kholowa. Poitanitsa nenani mai phet kuti asaike tsabola, ndi mai wan kuti asaike shuga, chifukwa shuga amathira ndi mu ndiwo momwe. Som tam ndi saladi ya papaya wosapsa, ndipo ya ku Isan amaika pla ra, nsomba yowoletsa yosaphika nthawi zina, ndiye masabata oyamba itanitsani som tam thai, yopanda pla ra, mimba izolowere kaye.