Amphaka opanda mwini achuluka, misampha ikungogwira omwewo

Mlangizi wa ziweto: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Mudzi wina amphaka opanda mwini achuluka, akutha anapiye, anthu ayamba kukamba zothira poizoni. Misampha yowagwirira kuti tiwatseke kubereka ndili nayo inayi, koma ndikatchera ikungogwira amuna awiri omwewo ofula kale. Aakazi sakuyandikira n'komwe, ena ali ndi bere. Nditani?

Dotolo: Musatchere kaye, achimwene. Mangani chitseko cha msampha ndi waya kuti chisagwe, muziika chakudya madzulo nthawi imodzimodzi kwa masiku 5 mpaka 7. Muyambe kuika mbale pakhomo, kenako muziikankhira m'kati pang'onopang'ono mpaka ifike kuseri kwa chopondera chimene chimagwetsa chitseko. Lisanafike tsiku lotchera asadye maola 24, madzi okha. Ofula kalewo kuti asamakuonongereni nthawi, chirikizani chitseko ndi botolo lomanga chingwe, mukoke nokha akalowa amene mukufuna. Akagwidwa fundani msampha ndi nsalu pompo, apo ayi amadzimenyetsa ku mawaya mpaka kusupuka mphuno. Msampha usakhale padzuwa.

Wothandizira dotolo: Fulani amuna okha basi. Mphindi zochepa mwamaliza, simutsegula mimba.

Dotolo: Wamwamuna mmodzi akatsala akwera aakazi onse. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo amaswa kawiri kapena katatu pachaka. Ntchito yeniyeni ili pa aakazi.

Wa katemera: Chiwewe musachiiwale. Mphaka aliyense abayidwe katemera akadali mtulo pa opaleshoni, ndipo dulani nsonga ya khutu lakumanzere, sentimita imodzi, mowongoka, kuti muzimuzindikira patali. Dzanja musalowetse mumsampha ngakhale mwavala magolovesi, mano ake amaboola. Mupanikizireni kumbali, jekeseni ilowere pa mawaya. Wina akalumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Wothandizira dotolo: Komabe ine ndikuti amuna. Kumudzi wamkazi mumusunga kuti akachoka pa tebulo? Bala likatseguka kutchire ndani aona?

Dotolo: Funso lanu ndi labwino, koma njira ilipo. Sokani ndi ulusi wosungunuka wokha, mfundo zibisike pansi pa khungu. Achire mumsampha womwewo, pansi mutayala manyuzipepala, pamalo ofunda, chifukwa mphaka wogonetsedwa amazizidwa msanga. Wamwamuna maola 24 akwana, wamkazi 24 mpaka 48. Woyamwitsa mucheke cha m'nthiti kuti musakhudze mawere, ndipo abwerere tsiku lisanathe akadzuka bwinobwino, ana angafe ndi njala. Mankhwala ogonetsa a xylazine amasanzitsa, n'chifukwa chake mimba ikhale yopanda kanthu. Ndi ketamine, yemwenso ndi wogonetsa, maso amakhala otsegula, pakani mafuta am'maso. Ululu mupereke meloxicam kamodzi. Paracetamol ayi, amapha mphaka.

Wa katemera: Za poizonizo khalani pansi ndi amfumu asanayambe. Nyambo imadyedwanso ndi agalu ndi nkhuku, akadzidzi amafa akadya khoswe wa poizoni, ndiye pali ana. Komanso mukapha kapena kukataya amphaka kutali, chakudya chikadalipo, ena amabwera kudzalowa m'malo mwawo. Bwezani aliyense pamalo pomwe munamugwira. Anapiye azigona m'khola la waya wa mabowo ang'onoang'ono, dzala lizikwiriridwa.

Wothandizira dotolo: Misampha inayi simungamalize aakazi. Yambani amuna.

Mlangizi wa ziweto: Nanga tiana? Tina tikuoneka ta masabata asanu.

Dotolo: Timeneto tikhoza kuzolowera anthu, nthawi yake ndi masabata 2 mpaka 7. Tikapitirira pamenepo n'kovuta. Pezani makomo otilera, opaleshoni idikire masabata 8 ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi. Tikakhala ndi utitiri musathire mankhwala a agalu okhala ndi permethrin, mphaka amanjenjemera mpaka kufa.

Wa katemera: Adokotala, nanga wa bere lokhwima mumatseka kapena mumadikira aswe?