Ndithandizeni: ndi maluwa ati osavuta kusamala m'nyumba ya lendi?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimakhala pa Kasungu boma m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Panja palibe malo olima, ndipo eni nyumba anakaniratu kuti ndikumbe pabwalo. Ndiye ndikufuna maluwa a m'miphika, awiri kapena atatu basi, oika pabalaza ndi pakhonde.

Vuto langa ndi loyendayenda. Ndimapita kukaoda katundu ku Mchinji, nthawi zina ndimatha sabata yathunthu osabwera. Chaka chatha mu Okutobala ndinapeza maluwa onse amene ndinali nawo atauma gwa, dothi litachita kung'aluka. Mwina ndinalakwa ndine, poti ndinathira dothi la kudambo lokhalokha m'chigubu cha malita 5 chomwe sindinachiboole pansi.

Anzanga akuti ndiyese aloe vera ndi snake plant chifukwa amasunga madzi m'masamba, moti chomwe chimawapha msanga ndi kuthirira mopyola muyezo. Aloe ndikudziwa kuti amakonda dzuwa, ameneyo akhala pakhonde. Nanga pabalaza pomwe zenera ndi limodzi lokha, snake plant angakule bwinobwino?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wanga wa zaka 2, chilichonse amaponya m'kamwa. Snake plant yemweyo akatafunidwa amatsegula m'mimba, ndiye kaya ndimuike pamwamba pa kabati, kaya ndingomusiya. Amayi anzanga munachita bwanji?

Komanso mchenga ndi manyowa mumasakaniza motani kuti chiswe chisalowe? Amene mukudziwa pogulitsa mbande pano pa Kasungu mundilozereko chonde.