Ndani anafikako ku kachisi wa ku Neasden, ku London?

Nabanda: Abale thandizeni msanga. Agogo amene ndimawasamalira akuti ndiwaperekeze ku kachisi wa Ahindu ku Neasden Lamlungu. Ali pa wheelchair. Kuli lift, kapena ndikawabereka pamasitepe?

Amake Tada: Chemwali, masokosi asakhale obooka. Nsapato amavulira pakhomo.

Phiri wa ku Luton: Kkkk ena zala zonse zikasuzumira panja. Koma nyumba ija ndi yoopsa, akuti inamangidwa ndi golide yekhayekha.

Amalume Gondwe: Bodza, Phiri. Ndi miyala yochokera ku Bulgaria ndi ku Italy, anakaisema ku India n'kuibweretsa pa sitima zapamadzi. Anatsegula mu 1995, iwe uli kusewera fulaye.

Phiri wa ku Luton: Fulaye ndi ya atsikana, amalume.

Amake Tada: Tenga chitenje. Mapewa ndi mawondo safuna zionekere. Ndipo usanyamule nkhuku m'chikwama, nyama kulibe kumeneko. A Swaminarayan, Ahindu a kachisi ameneyu, sadya ngakhale anyezi ndi adyo. Ine agogo anga ena anandibwezera ndiwo chifukwa cha kaanyezi kamodzi, ndinalira m'khitchini.

Chisomo: Koma munthu wa mpingo kulowa kumeneko si tchimo? Ndamva kuti akakupaka kofiira pachipumi basi walowa chipembedzo chawo.

Amalume Gondwe: Iwe wangofika kumene, uzifunsa kaye. Palibe amakukakamiza kugwada. Uli pantchito, ukukankha njinga ya agogo.

Nabanda: Nanga lift ija abale?

Phiri wa ku Luton: Funso lenileni ndi lakuti agency ikulipira maola a Lamlungu? Ine anandidyera tsiku lathunthu ati ndinali kokayenda. Ulembetse usananyamuke.

Mercy: Lift ilipo asisi. Kulowa ndi kwaulere, zikwama zazikulu amasiya kwa alonda, mkati sajambula. Basi 206 kapena 224 imaima pafupi, ndi chakufupi ndi sitolo ya IKEA ya ku Wembley.

Amake Tada: Uwafunse agogowo kwawo. Ambiri anachokera ku Uganda Idi Amin atawathamangitsa mu 1972, ena kwathu konkuja. Ku Leicester gogo wina wachimwenye anandipatsa moni m'Chichewa, ati anabadwira ku Limbe. Ndinachita kukhala pansi.

Phiri wa ku Luton: Eee Limbe! Samusa wa pa depoti, wotentha, tsabola pamwamba.

Chisomo: Musatero, ndili pa night shift ndi buledi wouma.

Nabanda: Mwati basi nambala chani? Mauthenga achuluka.